Zonulirapo za Chaka Chatsopano Zimene Mulungu Angadalitse

Kuŵerenga Baibulo kwa phunziro lino: 2 Mbiri, machaputala 29 mpaka 31

1, 2. (a) Kodi anthu ambiri amachitanji kuchiyambi kwa chaka, ndipo kaŵirikaŵiri chimatsatira nchiyani? (b) Kodi January 1 inakhala motani chiyambi cha chaka?

USIKU wa December 31, m'mizinda ndi m'midzi momwe, anthu ambiri amachezera kudikira kuti koloko ikwane 12. Ena amakhala m'nyumba zopemphereramo, ena kumalo omwera moŵa, ndipo ena amangokhala pakhonde akumvetsera phokoso la ng'oma ndi zitini. Ambiri a iwo amakhala atadzilonjeza kanthu kena mumtima: kuleka fodya, kubweza ngongole, kuyamba kuŵerenga Baibulo, kapena kulankhulanso ndi mbale amene anayambana naye pamaliro. Komabe, pamene chimanga chikumasula, ambiri a malonjezowo amakhala ataiŵalika kale, ndipo mwiniwake amangoti adzayesanso chaka chamaŵa. Vuto lake silili la manyazi okha. Munthu amene wadzinamiza zaka zisanu zotsatizana amayamba kukhulupirira kuti sangasinthe konse, ndipo ena amafika polingalira kuti ngakhale Mulungu anatopa nawo.

2 Tsiku la January 1 palokha lilibe mphamvu ya kusintha munthu. Aroma akale ankayamba chaka chawo m'March. Kuyambira mu 153 B.C.E., akuluakulu a boma lawo anayamba kuloŵa ntchito pa January 1, ndipo kalendala ya Julius Caesar, imene inayamba kugwira ntchito mu 45 B.C.E., inasunga tsikulo monga chiyambi cha chaka. Mweziwo unatchedwa ndi dzina la Janus, mulungu wawo wa zitseko ndi zipata, amene ankamsema ndi nkhope ziŵiri, ina yopenya kumbuyo ndi ina kutsogolo. Ku England chaka cha boma chinkayamba pa March 25 kufikira pamene lamulo linasintha zimenezo mu 1752, ndipo ku Ethiopia chaka chimayamba m'September kufikira lero. Tsiku limene anthu anapangana okha, nalisuntha pamene anafuna, silingachotse ludzu la moŵa pakhosi pa munthu kapena mkwiyo mumtima mwake.

3. Kodi nchiyani chimasonyeza kuti sikulakwa kulinganiza zinthu kuchiyambi kwa chaka?

3 Ngakhale zili choncho, Baibulo silinyoza munthu amene amaima naŵerenga masiku ake. Mose anapempha Mulungu kuti aphunzitse anthu ake kuchita zimenezo kuti apeze nzeru. (Salmo 90:12) Aisrayeli atatsala pang'ono kutuluka mu Igupto, Yehova mwiniyo anawauza kuti mwezi wa Abibu, umene pambuyo pake unatchedwa Nisani, ukhale woyamba wa chaka chawo, ndipo chihema chopatulika chinaimikidwa patsiku loyamba la mwezi woyamba. (Eksodo 12:2, 13:4, 40:17) Chotero Mkristu amene atenga cholembera kuchiyambi kwa chaka kuti adziikire zonulirapo sakuchita kanthu kachilendo. Funso lili lakuti, kodi nchiyani chimachititsa chonulirapo china kufa m'February pamene china chimabala zipatso? Mbiri ya Mfumu Hezekiya, amene anayamba ntchito yaikulu patsiku loyamba la chaka, imapereka yankho.

Anayambira pa Zitseko

4, 5. (a) Kodi Yuda anali mumkhalidwe wotani pamene Hezekiya anakhala mfumu? (b) Kodi iye anayamba ndi ntchito yotani?

4 Hezekiya anakhala mfumu ya Yuda ali ndi zaka 25, zaka zoposa 700 Kristu asanabadwe. Analoŵa ufumu wophwasuka. Atate wake, Ahazi, analamulira zaka 16, ndipo m'zakazo anatentha ana ake monga nsembe m'chigwa cha Hinomu, anaduladula zipangizo za m'kachisi, anatseka nyumba ya Yehova, namanga maguwa a mafano m'ngodya zonse za Yerusalemu. Nyali za m'kachisi zinazima, ndipo zofukiza zinaleka. Kunja kwa linga nako zinthu sizinali bwino ayi. Aedomu anali atatenga anthu ukapolo, Afilisti anali atalanda Betesemesi, Ajaloni, Soko ndi midzi ina, ndipo mfumu ya Asuri, imene Ahazi anaiitana kuti imthandize, inangomsautsa.—2 Mbiri 28:1-4, 16-25, 29:1, 7.

5 Mfumu yachinyamata yokhala ndi mavuto otero ikanakhala ndi zifukwa zomveka zoyambira pa asilikali, malinga, kapena msonkho. Nduna iliyonse yochenjera ikanailangiza motero. Koma ntchito yoyamba ya ufumu wake imene Baibulo limasimba, yochitika m'mwezi woyamba weniweniwo, inali ya kutsegulanso kachisi ndi kukonzetsa zitseko zake. Ndiyeno anasonkhanitsa ansembe ndi Alevi pabwalo la kummaŵa, nawauza mosabisa kuti masoka a mtunduwo anachokera pa kufulatira Mulungu, nawapempha monga ana ake kuti asakhale amphwayi. (2 Mbiri 29:3-11) Afilisti anawakantha pambuyo pake. (2 Mafumu 18:8) Sanawaiŵale, koma sanayambe nawo.

6. Kodi Mkristu angadziŵe motani chimene chilidi choyamba pa zonulirapo zake?

6 Akristu ambiri amaloŵa m'chaka chatsopano ali ndi Afilisti awoawo. Nkhokwe imakhala ikutha, fizi ya ana ikufunika, denga likudontha, ndipo amene anabwera kumudzi patchuthi cha December amabwerera kuntchito m'thumba muli mbee. Kulinganiza za kumanga nyumba, kumaliza maphunziro, kapena kukulitsa kabizinesi sikulakwa, pakuti mtumwi Paulo anati wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro. (1 Timoteo 5:8) Koma Yesu, polankhula ndi anthu amene analidi kudera nkhaŵa za chakudya ndi zovala, anawauza kuti Ufumu wa Mulungu ndi chilungamo chake ndizo ziyenera kutsogola. (Mateyu 6:25-33) Pafupifupi Mkristu aliyense amalemba zinthu zauzimu pamwamba pa pepala lake. Malo ake enieni amadziŵika mlungu umene nthaŵi yachepa. Chimene munthu amayamba kuchidula pamene kupalira kwachuluka kapena ntchito yamkulira ndicho chinali chomalizira mumtima mwake, ngakhale chinalembedwa pamzera woyamba.

7. Kodi nchifukwa ninji chonulirapo chiyenera kukhala chinthu chooneka?

7 Nkofunikanso kuona kuti chitseko ndi chinthu chooneka. Madzulo a tsikulo munthu aliyense mu Yerusalemu akanatha kunena ngati chinali chotsegula kapena chotseka. Zonulirapo zambiri zimafa chifukwa chakuti sizingaonedwe motero. Mawu akuti "chaka chino ndikhala wauzimu kwambiri" ngabwino kuwamva, koma samauza munthu chochita Lachiŵiri mmaŵa. Tate amene banja lake linaleka kupempherera pamodzi chiyambire pamene iye anayamba kugwira ntchito ya usiku akudziŵa chitseko chimene chinatsekeka m'nyumba mwake. Chonulirapo chake chingakhale chakuti banjalo lizipemphera ndi kuŵerenga pamodzi asananyamuke kupita kuntchito, pa ola lakutilakuti. Mlongo amene amatembenuza nkhope akakumana ndi mlongo wina pachitsime akulidziŵa dzina limene ayenera kulemba. Kufuna kukhala wachikondi kwa anthu onse nkosavuta kwambiri kuposa kukapepesa kwa munthu mmodzi.—Mateyu 5:23, 24.

Zonyansa Zinapita ku Kidroni

8, 9. (a) Longosolani mmene kachisi anayeretsedwera. (b) Kodi nchifukwa ninji kuchotsa zinthu zina kuyenera kuyambirira?

8 Zitseko zitatseguka, nsembe sizinayambe tsiku lomwelo. Munali uve wa zaka zambiri m'katimo. Ansembe analoŵa m'kati mwenimweni natulutsira pabwalo chodetsa chilichonse chimene anapeza, ndipo Alevi anachinyamula kupita nacho kuchigwa cha Kidroni, kunja kwa mudzi. Anayamba patsiku loyamba la mwezi woyamba. Patsiku lachisanu ndi chitatu anali atangofika pakhonde la kachisi, ndipo nyumba yeniyeniyo inawatengera masiku ena asanu ndi atatu. Anamaliza patsiku la 16. (2 Mbiri 29:15-19) Inali ntchito ya fumbi ndi thukuta, yopanda nyimbo ndi malipenga. Zimenezo zinadza pambuyo pake.

9 Anthu ambiri amalemba zimene adzawonjezera pamoyo wawo koma samalemba zimene adzachotsa. Tsiku la chaka chatsopano lili ndi maola 24 monga la chaka chatha. Munthu amene akufuna theka la ola loŵerenga Baibulo ayenera kunena kumene adzalitenga, kaya ndi pa tulo, pa bawo, pa wailesi, kapena pa foni imene amaiyang'ana asanasukusule nkomwe. Paulo anafanizira kusintha kwa Mkristu ndi kusintha zovala, ndipo anatchula kuvula asanatchule kuvala. (Aefeso 4:22-24, 5:15, 16) Kwa ena chodetsa chofunika kupita ku Kidroni ndicho ngongole ya katapila, imene ku Zambia amaitcha kaloba, yomwe imawadyera malipiro asanafike nawo kunyumba ndi kuwachititsa kunama. Kwa ena ndi ubwenzi wobisika, chithumwa chosokeredwa m'chovala cha mwana, kapena mabwenzi amene kucheza nawo kumathera pabotolo. Ndiponso Alevi sanasesere zonyansazo kuseri kwa chitseko kuti mwina zidzafunikanso. Anazitulutsa kunja kwa linga.

10. Kodi nchiyani chimasonyeza kuti Hezekiya sanagwire ntchitoyo yekha?

10 Hezekiya sanayese kuchita zonsezo yekha, ngakhale kuti anali mfumu. Cholembedwacho chimatchula maina a Alevi 14 amene anaimirira nasonkhanitsa abale awo. Ndipo pamene nsembe zinayamba, anthu anabweretsa ng'ombe 70, nkhosa zamphongo 100, ndi ana a nkhosa 200 za nsembe yopsereza, kotero kuti ansembe anachepa pantchito ya kusenda, ndipo Alevi anawathandiza kufikira inatha. (2 Mbiri 29:12-15, 32-34) Chonulirapo chimene munthu amachisunga mumtima mwake yekha chimafa popanda maliro, pakuti palibe amene amadziŵa kuti chinalipo. Mkristu angachite bwino kuuza mnzake wa muukwati kapena wokhulupirira mnzake wokhwima, ndi kumlola kuti azimfunsa. Kufunsidwako sikukondweretsa nthaŵi zonse, koma munthu wogwa ali yekha alibe womdzutsa.—Mlaliki 4:9, 10.

Kuŵerengera Mtengo Wake

11, 12. (a) Kodi fanizo la Yesu la nsanja likuphunzitsanji? (b) Kodi munthu angalinganize motani kuŵerenga Baibulo mogwirizana ndi mkhalidwe wake?

11 Yesu anasimba za munthu wofuna kumanga nsanja amene sanayambe wakhala pansi kuŵerengera ndalama zake. Anaika maziko, nalephera kumaliza, ndipo odutsa anamseka. (Luka 14:28-30) Yesu anali kunena za mtengo wa kukhala wophunzira wake, koma fanizolo nlomveka kwa aliyense amene anaonapo nyumba zongofika pazenera, zopanda denga, zimene udzu wamera m'zipinda zake. Eni ake sanali aulesi. Ambiri analemba pulani ya zipinda zisanu ali ndi njerwa za zipinda ziŵiri. Akulu anati walira mvula walira matope, ndipo chonulirapo chilichonse chabwino chili ndi matope ake amene munthu ayenera kuwaona asanayambe.

12 Chitsanzo chabwino ndicho cha kuŵerenga Baibulo lonse, chimene Akristu ambiri amadziikira m'January. Mabuku 66 a Baibulo ali ndi machaputala 1,189. Munthu amene amaŵerenga machaputala atatu patsiku ndi asanu tsiku limodzi pamlungu angamalize m'chaka chimodzi. Kwa wina wokhala ndi magetsi ndi maso abwino, zimenezo nzotheka. Kwa mayi amene amadzuka kusanache kukatunga madzi, naŵeruka kumunda ali wolefuka, ndipo amaŵerenga mochita kuloza liwu lililonse ndi chala, machaputala 23 pamlungu angakhale nsanja yosatheka. Kaŵirikaŵiri oŵerenga otero amalekera m'kati mwa Levitiko nadziimba mlandu. Komabe, mabuku 27 a kuyambira Mateyu mpaka Chivumbulutso ali ndi machaputala 260, ndiko kuti machaputala asanu pamlungu kwa milungu 52. Uthenga Wabwino wa Marko uli ndi machaputala 16 okha. Wosadziŵa kuŵerenga angapemphe mdzukulu wake kumŵerengera, kapena angadziikire chonulirapo cha kuphunzira kuŵerenga kumeneko. Yehova amalandira mphatso monga mwa zimene munthu ali nazo, ndipo samfunsa zimene alibe.—2 Akorinto 8:12, Marko 12:41-44, Agalatiya 6:4.

13. Kodi chonulirapo chimasiyana motani ndi choŵinda?

13 Pali chenjezo lina lofunika kwa awo amene amachezera m'mapemphero usiku wa chaka chatsopano. Chonulirapo chimasiyana ndi choŵinda. Pamene nyimbo zakoma ndipo mitima yatentha, nkosavuta kuimirira ndi kulumbira pamaso pa Mulungu za ndalama zimene munthu alibe kapena za zinthu zimene sanazilingalire bwino. Malemba amati kusaŵinda konse kuli bwino kuposa kuŵinda ndi kusakwaniritsa, ndipo amaletsa munthu kufulumira ndi pakamwa pake pamaso pa Mulungu. (Mlaliki 5:2-6) Petro analankhula ndi mtima wonse pamene ananena kuti sadzamkana Mbuye wake ngakhale atafa naye, koma tambala asanalire anali atamkana katatu. (Marko 14:29-31, 66-72) Nkwanzeru kuuza Mulungu m'pemphero chimene munthu akufuna kuchita ndi kupempha mphamvu, m'malo mwa kumlonjeza monga ngati kuti mphamvuyo ilipo kale.

Anachedwa ndi Masiku Aŵiri

14, 15. (a) Kodi ndi vuto lotani limene linabuka ponena za Paskha? (b) Kodi Hezekiya analithetsa motani?

14 Woŵerenga watcheru adzaona kanthu kena pa madeti a nkhaniyi. Chilamulo chinafuna kuti Paskha achitike patsiku la 14 la mwezi woyamba. (Levitiko 23:5) Kuyeretsa kachisi kunatha patsiku la 16. Pambuyo pa khama lonselo, tsiku lalikulu koposa la mweziwo linawadutsa ndi masiku aŵiri okha. Ndipo panali zopinga zinanso. Ansembe amene anadzipatula anali osakwanira, ndipo anthu anali asanasonkhane ku Yerusalemu. Baibulo silibisa kuti ansembe ena anazengereza, pakuti limanena kuti Alevi anawaposa pa kufunitsitsa kudzipatula.—2 Mbiri 29:34, 30:3.

15 Pamenepa mpamene zonulirapo za anthu ambiri zimafera. Hezekiya akanatha kulamula kuti ntchito ichitidwe mwachiphamaso kuti akwanitse detilo, nachita Paskha m'kachisi wodetsedwa. Kapenanso akanatha kunena kuti chaka chino chalephereka, adzaona chaka chamaŵa. Sanachite zonse ziŵirizo. Anakhala upo ndi akalonga ndi msonkhano wonse, ndipo anagwirizana kuchita Paskha m'mwezi wachiŵiri. Sanangopeka zimenezo. Kalekale m'chipululu, Yehova anali atalola kuti munthu wodetsedwa ndi mtembo kapena wokhala paulendo wautali achite Paskha patsiku la 14 la mwezi wachiŵiri. (Numeri 9:6-11, 2 Mbiri 30:2-4, 15) Mulungu amene anaika detilo ndiye anaikiratunso njira ya ochedwa, zaka mazana ambiri Hezekiya asanabadwe.

16. Kodi Mkristu ayenera kuchitanji akaphonya chonulirapo chake?

16 Mkristu amene wadwala malungo milungu iŵiri natsalira pa kuŵerenga kwake, kapena amene analeka fodya kwa miyezi itatu nasutanso pamaliro, amamva mawu aŵiri mumtima mwake. Ena amamuuza kuti wawononga kale zonse, choncho angopitiriza kufikira January wina. Mawu ameneŵa ngachinyengo, ndipo agwetsa anthu ambiri kuposa chiyeso choyambacho. Mwambi wa m'Baibulo umasiyanitsa wolungama ndi woipa mwa kunena kuti wolungamayo, ngakhale agwe kasanu ndi kaŵiri, amadzukanso. (Miyambo 24:16) M'masiku a mneneri Hagai, Ayuda obwera ku ukapolo anali kunena kuti nthaŵi yomanga kachisi inali isanakwane, pamene nyumba zawo zinali zomalizidwa bwino. Uthenga wa Mulungu unawafika patsiku loyamba la mwezi wachisanu ndi chimodzi, m'chaka chachiŵiri cha Mfumu Dariyo, mu 520 B.C.E., ndipo patsiku la 24 la mwezi womwewo anayamba ntchito. (Hagai 1:1-4, 14, 15) Palibe amene anati adikire Nisani.

17. Kodi pemphero la Hezekiya limavumbulanji ponena za Yehova, ndipo silimatanthauzanji?

17 Amithenga a mfumu anayenda ndi makalata kuyambira ku Beereseba kufikira ku Dani, kuitana ngakhale anthu a mafuko akumpoto. M'dziko la Efraimu ndi Manase anthu ambiri anawaseka ndi kuwanyodola, monga momwe achibale ena amasekera munthu amene wayamba kukana moŵa. Komabe, ena a ku Aseri, Manase ndi Zebuloni anadzichepetsa nabwera. Ambiri a iwo anafika asanadziyeretse monga mwa Chilamulo, nadya Paskha ali choncho. Hezekiya anawapempherera kuti Yehova akhululukire yense amene analunjikitsa mtima wake pa kufuna Mulungu, ndipo Yehova anamva. (2 Mbiri 30:5-11, 18-20) Nkhaniyi sili chilolezo cha mphwayi, pakuti anthuwo anali atayenda ulendo wautali akunyozedwa. Amene anakhala kunyumba akuseka sanaphatikizidwe m'pempherolo. Madyererowo anakoma kwambiri kwakuti anawonjezera masiku ena asanu ndi aŵiri, ndipo Yerusalemu anali asanaone zotero chiyambire masiku a Solomo.—2 Mbiri 30:23, 26.

Mulungu Akalola

18, 19. (a) Kodi Yakobo anatsutsa chiyani kwenikweni? (b) Kodi chinachitika nchiyani ku zolinganiza za Paulo?

18 Kuchedwa kwina sikuchokera pa kufooka kwa munthu. Mvula imakana, kampani imatsekedwa, wodwala amafuna womdwazika. Wophunzira Yakobo analembera amalonda amene anali kulinganiza zopita kumudzi wina, kukhalako chaka chimodzi, ndi kupindula. Anawakumbutsa kuti sadziŵa za maŵa ndi kuti moyo wawo uli ngati nkhungu yosakhalitsa, ndipo anati zolinganiza zawo ziyenera kudalira chifuniro cha Mulungu. (Yakobo 4:13-16) Iye sanatsutse kulinganizako. Anatsutsa kudzitama. Mawu akuti "Mulungu akalola" ali pakamwa pa anthu ambiri, koma nzachisoni kuti ena amawagwiritsira ntchito monga njira yaulemu yokanira. Wamangaŵa amawanena pamene alibe maganizo a kubweza. Kwa Mkristu mawuwo ayenera kutanthauza kuti adzachita zonse zimene angathe, ndi kuti sadzaŵiringula ngati Mulungu alola njira kukhota.

19 Paulo anali munthu wolinganiza zinthu. Analembera Akristu a ku Roma kuti adzayamba wapereka zopereka ku Yerusalemu, ndiyeno adzadzera kwa iwo popita ku Spanya. (Aroma 15:23-28) Ku Yerusalemu anamangidwa. Anakhala m'ndende zaka ziŵiri ku Kaisareya, chombo chinamswekera pa Melita, ndipo ku Roma anafika ali wandende, nakhala zaka zina ziŵiri akulondedwa ndi msilikali. (Machitidwe 24:27, 28:1, 16, 30, 31) Ndandanda yake inasokonezeka kotheratu, koma cholinga chimene chinali pansi pa ndandandayo, cha kulalikira Kristu, chinapitirizabe, kotero kuti analembera Afilipi kuti kumangidwa kwake kunathandiza uthenga wabwino kufalikira. (Afilipi 1:12-14) Chotero nkothandiza kuti Mkristu, polemba chonulirapo, alembenso chifukwa chake. Ngati matenda amlepheretsa kuyenda kukachezera okalamba a mumpingo, chifukwacho chidzamsonyeza kuti angawatumizirebe mawu kapena kuwapempherera ndi maina.

Madyerero Atatha

20, 21. (a) Kodi Hezekiya anachitanji kuti ntchitoyo ipitirire? (b) Kodi Mkristu angatsanzire motani zimenezo?

20 Madyerero anatha, ndipo anthu anabwerera kwawo. Chaputala chotsatira sichikoma kuŵerenga monga cha Paskha, koma ndicho chinasunga zitseko zili zotsegula. Hezekiya anaika ansembe ndi Alevi m'magulu awo, aliyense ndi ntchito yake. Anapatula za m'chuma chake kuti nsembe za mmaŵa ndi zamadzulo zisaleke. Analamula anthu kupereka gawo la ansembe ndi Alevi kuti iwo asasiye Chilamulo kukafuna chakudya. Zopereka zinayamba kuunjikidwa m'mwezi wachitatu, nizitha m'mwezi wachisanu ndi chiŵiri, ndipo mfumu itaona miyuluyo inalamula kuti akonze zipinda zosungiramo, niika Mlevi Konaniya ndi mbale wake Simei kuti aziyang'anire.—2 Mbiri 31:1-12.

21 Kutentha mtima kwa January kumazirala mwa munthu aliyense, ndipo chimene chimatsala ndicho dongosolo limene anakonza pamene mtima unali wotentha: ola lodziŵika, malo odziŵika, Baibulo loikidwa pamene dzanja lingalifikire, ndalama ya ngongole yopatulidwa tsiku la malipiro lomwelo. Mlaliki wa ku America, Jonathan Edwards, analemba zosankha zake 70 mu 1722 ndi 1723, ali mnyamata wa zaka pafupifupi 19. Anayamba mwa kuvomereza kuti sakanatha kanthu popanda thandizo la Mulungu, ndipo anadzilamula kuti aziziŵerenganso kamodzi pamlungu. Zosankha 70 nzambiri kwa munthu wamba, ndipo ziŵiri kapena zitatu nzokwanira. Koma chizoloŵezi cha kubwerera ku pepalalo mlungu uliwonse, ndi kulipenda moona mtima m'pemphero, nchofunika kuchitengera.

22. Kodi nchiyani chinachitikira zitseko za kachisi m'chaka cha 14 cha Hezekiya, ndipo iye anapita kuti pambuyo pake?

22 Zitseko zija zimatchulidwanso kamodzi m'mbiri ya mfumuyi. M'chaka cha 14 cha ufumu wake, Sanakeribu wa Asuri analanda midzi yamalinga ya Yuda nafuna matalente 300 a siliva ndi 30 a golidi. Hezekiya anapereka siliva yense wa m'kachisi ndi wa m'nyumba yachifumu, ndipo anakanganula golidi amene iye mwini anakuta pazitseko ndi pamphuthu za kachisi, nampereka kwa mdaniyo. (2 Mafumu 18:13-16) Sanakeribu analandira, koma anatumizabe gulu lankhondo ku Yerusalemu, ndipo pambuyo pake anatumiza makalata otonza Mulungu wa Israyeli. Zitsekozo zinali zosakongolanso, koma zinali zotsegula. Hezekiya anaŵerenga makalatawo, nakwera nawo kunyumba ya Yehova, nawatambasula pamenepo, nayamba kupemphera.—2 Mafumu 18:17, 19:9-19.